Tchuthi cha Kunyanja ndi Mbiri Imene Siili pa Makoma a Hotela

M'zaka zaposachedwapa mabanja ambiri a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri ayamba mwambo umene agogo athu sankaudziwa. Eid ikangodutsa, kapena sukulu zikatsekera mu Disembala, amatulutsa ndalama zimene akhala akusunga ku banki m'khonde ndi m'zipereganyo, n'kuchita hayala minibasi ya ku Mangochi. Amene thumba lawo lili lolemererapo amagona usiku umodzi kapena uwiri pa hotela ya m'mbali mwa nyanja. Ambiri amangolipira polowera pa geti, ana n'kusewera pamchenga mpaka dzuwa litapendeka, kenaka n'kubwerera ku Blantyre usiku womwewo ndi chambo chowamba m'majumbo.

Mwambo umenewu ndi wabwino, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mwana wobadwira pakati pa nyumba zothinana za ku Ndirande, amene madzi amawadziwira pampopi ndi mu mtsinje wa Nasolo, ayenera kuiona ndi maso ake nyanja yotalika makilomita oposa 550, imene kuya kwake kumafika mamita 700 cha kumpoto. Komabe hotela zakale za kunyanja zimagulitsa zambiri kuposa chipinda ndi chakudya. Zimagulitsanso mbiri. Pa makoma ake pamakhala zithunzi za sitima zapamadzi, za David Livingstone ndi za azungu ovala zipewa zoyera. Mayina amene amamveka kwambiri m'malo amenewa ndi Livingstonia, Ilala ndi Cape Maclear. Mwana woyang'ana makomawo amabwerera kwawo akuganiza kuti nyanja inayamba kukhala ndi mbiri mu 1859, chaka chimene Livingstone anaifika. Ife makolo ndi aphunzitsi tili ndi udindo womuuza zimene makomawo sakamba, zokoma ndi zowawa zomwe.

Msewu wobwerera m'mbuyo

Phunziro limayambira pakhomo pathu pomwe. Dzina lakuti Machinjiri ndi la mfumu ya Chiyao, monganso Kapeni ndi Somba. Makolo a mafumu amenewa anali a nthambi ya Ayao yotchedwa Amangoche, imene inkakhala cha ku mapiri a Mangochi, kum'mawa kwa mtsinje wa Shire. Cha m'ma 1860 anakankhidwa ndi Ayao anzawo a nthambi ya Amachinga, amenenso ankathawa nkhondo ndi njala kwawo kumpoto kwa dziko limene lero ndi Mozambique. Amangoche analowera kumwera n'kudzakhazikika pakati pa Amang'anja m'mapiri ozungulira mzinda wathuwu. Amishoni a Church of Scotland atafika mu 1876 kudzakhazikitsa Blantyre, mfumu imene anaipeza n'kukambirana nayo za malo inali Kapeni.

Motero banja lochoka ku Machinjiri kudzera ku Limbe, Zomba ndi Liwonde, n'kuoloka Shire pa Kamuzu Barrage, kudutsa Ulongwe ndi m'mbali mwa nyanja ya Malombe, likuyenda mobwerera njira imene anthu anaiyenda pansi zaka zoposa 160 zapitazo atasenza ana ndi mbewu. Mtunda wa makilomita pafupifupi 190 umene minibasi imaumaliza m'maola anayi, iwo ankautha m'masabata. Pambuyo pake, m'nthawi ya atsamunda ndi ufulu utabwera, njira yomweyo inabweretsa ku Blantyre ndi ku Limbe anyamata a kwa Mponda, kwa Jalasi, kwa Kawinga ndi kwa Liwonde odzafuna ntchito yautelala, yophika, yaulonda ndi ya m'mafakitale a fodya. Mizikiti yambiri ya m'makomboni athu inayamba ndi anthu amenewa. Ambiri a ife tikamapita ku Mangochi timapita kwa eni ake a magazi athu, ngakhale tavala ngati alendo.

Gombe lisanakhale la alendo

Pamalo pamene Shire amatulukira m'nyanja panali mudzi waukulu wa Mponda, mfumu ya Amachinga. Anasankha bwino malowo, chifukwa ambiri ochokera kumadzulo kupita ku nyanja yamchere ankaolokera pa doko lake. Kum'mawa kwa nyanja kunali Makanjira, wa nthambi ya Amasaninga, ndipo kumapiri kunali Jalasi. Chakumpoto, ku Nkhotakota, kunali Jumbe. Woyamba mwa ma Jumbe, Salim bin Abdallah, anafika kuchokera kugombe la Aswahili cha m'ma 1840. Iye ndi omutsatira anakhoma zombo zamatanga, zija Aswahili amazitcha madau, zimene zinkaoloka nyanja zitanyamula anthu ndi katundu. Kuchokera kutsidya la kum'mawa, amtengatenga ankayenda pansi mpaka ku Kilwa.

M'njira imeneyi munadutsa minyanga ya njovu kupita kunja, ndipo munabwera nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Munabweranso mpunga umene ku Nkhotakota amatchuka nawo, kamangidwe ka nyumba zamakona anayi, mikanjo, zilembo za Chiarabu ndi Chisilamu. Makanjira analowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena a Chiyao anatsatira. Ankasunga alembi owalembera makalata a Chiswahili m'zilembo za Chiarabu. Ansembe a Chikatolika a White Fathers, amene anakhala kwa Mponda kuyambira mu 1889 mpaka mu 1891, anapeza ana akuphunzira Qur'an, ndipo podzafika 1891 m'mudzi umenewo munali madrasa 12, iliyonse ndi mwalimu wake. Panthawiyo m'mbali yonse ya nyanja munalibe hotela ngakhale imodzi, koma munali kale ana odziwa kuwerenga ndi kulemba pa matabwa.

Pali mbali ina ya mbiri yomweyi imene sitiyenera kuibisa. Zombo zimene zinkanyamula walimu ndi nsalu zinkanyamulanso anthu omangidwa m'magoli. Mponda, Makanjira ndi Jumbe analemera ndi malonda a akapolo. Midzi ya Amang'anja, ya Achewa ngakhalenso ya Ayao anzawo inatenthedwa, ndipo ambiri mwa ogwidwawo anafera m'njira ya ku Kilwa. Mchenga umene ana athu amamangapo tinyumba tamasewera unapondedwapo ndi ana ena amene sanawaonenso amayi awo. Tikaikana mbiri imeneyi, ana athu adzaimva kwa anthu ena, ndipo adzataya chikhulupiriro pa zina zonse zimene tinawauza. Tikaivomereza, tidzatha kuwafotokozera kuti kuba munthu mfulu n'kumugulitsa ndi tchimo lalikulu m'chipembedzo chomwecho chimene mafumuwo anachilandira, ndi kuti dyera la chuma limagonjetsa ngakhale munthu wodziwa choonadi.

Amishoni, mizinga ndi nsanja ya wotchi

Mu Okutobala 1875 sitima yaing'ono yotchedwa Ilala inakwera mu Shire n'kulowa m'nyanja itanyamula amishoni a Free Church of Scotland motsogozedwa ndi E. D. Young, pamodzi ndi dokotala wachinyamata Robert Laws. Asanapitirire anaima kwa Mponda kupempha malo, ndipo iye anawalola kukhala ku Chembe, kumene Livingstone anakutcha Cape Maclear polemekeza mnzake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira: Livingstonia yoyamba inamangidwa pa malo opemphedwa kwa mfumu ya Chiyao. Malungo anawazunza amishoniwo, ena mwa iwo, monga Dr William Black, anaikidwa pomwepo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Manda awo alipobe, ndipo alendo amakawaona.

Boma la Britain litalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwake, Harry Johnston anabwera ndi asilikali a Chisikh ochokera ku India motsogozedwa ndi Captain Cecil Maguire. Mu Okutobala chaka chomwecho anawombera mudzi wa Mponda n'kumanga linga patsidya pake, limene analitcha Fort Johnston. Mu Disembala, Maguire anaphedwa pofuna kuwononga zombo za Makanjira. Mu Febuluwale 1892 Jalasi anagonjetsa gulu la asilikali limene linakwera phiri lake, mpaka kuwalanda mzinga. Nkhondo zimenezi zinatha mu 1895, Jalasi ndi Makanjira atathawira kutsidya la Apwitikizi. Angerezi ankati akuthetsa ukapolo, ndipo zoonadi ukapolo unatha. Koma pambuyo pa mizinga panabwera msonkho wa nyumba, ndipo nyanja imene inkalamulidwa ndi mafumu a m'mbali mwake inakhala msewu wa sitima za boma, za amishoni ndi za kampani ya African Lakes, ija timaidziwa kuti Mandala.

Aliyense wofika pa boma la Mangochi amaona nsanja ya wotchi pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga wa sitima yankhondo ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inakawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kumpoto kwa nyanja, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Palinso chikumbutso cha sitima ya Viphya, imene inamira ndi mphepo yamkuntho pa 30 Julaye 1946 n'kupha anthu 145. Chapafupi pomwepo pali Lake Malawi Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene kale inali kalabu ya azungu. Minibasi zambiri za tchuthi zimangodutsa pamenepa mothamangira kumchenga.

Chodabwitsa n'chakuti Chisilamu chinafalikira kwambiri mafumu atagonja kusiyana ndi pamene anali ndi mfuti. Mtendere unatsegula njira, ndipo mashehe anayamba kuyenda mudzi ndi mudzi. Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anaphunzira ku Kilwa ndipo anamwalira mu 1930, anaphunzitsa anthu ochuluka m'mbali mwa nyanja. Wophunzira wake, Sheikh Thabit bin Muhammad Ngaunje, amene anamwalira mu 1959, anapitiriza ntchitoyo. Tikatsata mzere wa amene anaphunzitsa aphunzitsi athu, ambiri tidzapezeka kuti tikuthera kwa anthu awiriwa. Komabe palibe nsanja imene inamangidwa m'dzina lawo, ndipo zithunzi zawo simungazipeze pa khoma la chipinda chodyera.

Mmene hotela zinafikira

Hotela za kunyanja zinabwera mochedwa, ndipo chimene chinalamula malo ake ndi madzi ndi njanji. Kuyambira cha mu 1915 mpaka cha mu 1935 nyanja inaphwa kwambiri moti Shire anasiya kutuluka bwino, ndipo mchenga ndi udzu zinatseka njira ya sitima. Fort Johnston inayamba kutaya ulemerero wake ngati doko. Mu 1935 njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudzera ku Chipoka, ndipo azungu a m'boma, a m'minda ya tiyi ndi ya fodya anapeza njira yosavuta yokapumulira kunyanja. Ku Senga Bay, m'dera la mfumu Maganga, kunamangidwa Grand Beach Hotel, imene pambuyo pake inatchedwa Livingstonia Beach, ndipo lero ili m'manja mwa kampani ya Sunbird.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, ku Cape Maclear kunamangidwanso hotela. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC, zoyenda pakati pa Southampton ndi Johannesburg, zinkatera pamaso pa mudzi wa Chembe. Anthu olemera a ku Ulaya ankatsika m'ndege kulowa m'maboti, asodzi akuwayang'ana ali m'mabwato awo. Ulemerero umenewu sunakhalitse. Ndege zotera pamtunda zitalanda msika, ulendowo unathetsedwa, ndipo hotelayo inatsekedwa patangopita nthawi yochepa. Mu 1951 sitima ya Ilala yachiwiri, imene zitsulo zake zinachokera ku Scotland n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba ulendo umene ikuyendabe mpaka lero.

Tikamaona zithunzi za masiku amenewo tizifunsa funso limodzi: kodi munthu wakuda ali pati pa chithunzicho? Kawirikawiri waima kumbuyo, wavala mkanjo woyera, wanyamula thireyi. M'nthawi ya atsamunda mahotela ndi makalabu a azungu sankalandira Mwafirika ngati mlendo. Ankalowa pa khomo lakumbuyo monga wophika, wochapa, woperekera zakudya kapena wopalasa boti, ndipo ambiri mwa antchito amenewa anali Ayao a m'midzi yapafupi. Anthu amene agogo awo ankalamula madoko anakhala onyamula masutikesi pa madoko omwewo. Ena a iwo ankasala Ramadhan kwinaku akuphikira alendo chakudya chamasana m'chitentho cha kunyanja, ndipo ndi malipiro ochepawo anaphunzitsa ana awo. Ngati hotela yakale ili ndi ulemu wa zaka zake, gawo lalikulu la ulemuwo ndi la anthu amenewa.

Ufulu, mipanda ndi madzi

Ufulu utabwera mu 1964, makomo anatseguka kwa aliyense wokhala ndi ndalama, ndipo dzina la Fort Johnston linasinthidwa kukhala Mangochi. Boma linaona kuti nyanja ingabweretse ndalama zakunja, motero gombe la pakati pa Mangochi ndi Monkey Bay linadzaza ndi malo ogona alendo, monga Nkopola ndi Makokola, pamodzi ndi nyumba zopumuliramo za makampani a ku Blantyre ndi za anthu olemera. Mu 1980 kunakhazikitsidwa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear pofuna kuteteza nsomba za mbuna, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. M'ulamuliro wa Bakili Muluzi, umene unayamba mu 1994, tsiku la Eid-ul-Fitr linakhala la tchuthi m'dziko muno, ndipo zimenezi zinathandiza kuti mabanja a Chisilamu ogwira ntchito m'tauni apeze mpata woyenda pamodzi.

Chitukuko chimenechi chabweretsa ntchito, misewu ndi msika wa nsomba, mphasa ndi ziboliboli. Chabweretsanso mipanda. M'madera ena munthu wobadwira m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja amayenda mtunda wautali kuti apeze kanjira kofikira pamadzi okachapa, kutunga kapena kukocheza bwato, chifukwa gombe lonse la kutsogolo kwa mudzi wake linagulidwa. Chambo, chimene alendo amachifuna pa mbale iliyonse, chachepa kwambiri mu Malombe ndi kumwera kwa nyanja poyerekeza ndi zaka za m'ma 1980, ndipo mwana wa msodzi amakula akudya usipa ndi utaka, chambo chikupita kwa ogula a m'tauni. Kale mpanda unkasiyanitsa mzungu ndi munthu wakuda. Lero ukusiyanitsa wa ndalama ndi wosauka, ndipo ife a ku Blantyre tikalipira pa geti timakhala mkati mwake. Amene ali kunja kwa waya, amene amatiitana kuti tigule nsomba, kawirikawiri ndi abale athu.

Nyanja nayo ili ndi chikumbumtima chake. Mu 2024 madzi anakwera kwambiri kuposa mmene anachitira kwa zaka zambiri, nalowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu ku Mangochi ndi m'maboma ena a m'mbali mwa nyanja. Akuluakulu okumbukira madzi a mu 1980 sanadabwe. Madzi saiwala khwawa. Nyanja imene inaphwa n'kufooketsa doko la Fort Johnston ndi yomweyo imene inadzaza n'kumiza mipanda ya njerwa, ndipo mbadwo uliwonse umene wamanga pafupi nayo ngati mwini wake waphunzitsidwa kuti ndi wobwereka chabe.

Kuyenda ndi maso

Sitikunena kuti mabanja asiye kupita kunyanja, kapena kuti tchuthi chisanduke kalasi. Ana asambire, akuluakulu apume. Koma ulendo umene watitengera miyezi isanu ndi umodzi yosunga ndalama uyenera kubala zoposa zithunzi za pa foni. Pokonza ulendo tikhoza kupatula ola limodzi loima pa boma la Mangochi, kuti ana aone nsanja ya wotchi, awerenge za anthu 145 a mu Viphya, alowe m'nyumba ya zinthu zakale, kenaka aime pa mlatho n'kuuzidwa kuti apa panali doko la Mponda ndi zonse zimene zinkaoloka pamenepo. Nthawi ya Swala ikakwana, tikhoza kutuluka pa geti n'kukaswali mu mzikiti wa m'mudzi, kumene ana adzaona kuti anthu a kunja kwa mpanda ali ndi mayina ndi nkhope. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi gogo wodziwa amene anamanga mzikitiwo ndi shehe amene anamuphunzitsa, ndipo nkhani zimenezi zikutha pamodzi ndi eni ake chifukwa palibe wozifunsa.

Woperekera zakudya pa hotela timupatse moni ndi ulemu umene tingapatse m'bale wathu wamkulu, pokumbukira amene anagwira ntchito imeneyo iye asanabadwe. Pogula nsomba kwa msodzi tisamunenerere mpaka kumulanda phindu lake, pamene pa geti tapereka ndalama zambiri osadandaula. Mabotolo ndi majumbo athu tibwerere nawo, chifukwa madzi amene ife tasambiramo tsiku limodzi ena amamwa chaka chonse.

Aphunzitsi a madrasa a m'makomboni athu tili ndi gawo lapadera. Timaphunzitsa ana mbiri ya Makkah, Madinah, Baghdad ndi Andalus, ndipo n'koyenera kutero. Koma mwana wodziwa mayina a makhalifa anayi, amene sanamvepo za Mkwanda, za Ngaunje, za madrasa 12 a kwa Mponda kapena za magoli a ku Kilwa, akusowa gawo la mbiri limene lili pafupi naye kwambiri. Sabata yoti ana anyamuke ulendo wa kunyanja ndi nthawi yabwino yowauza zimenezi, ndipo akabwerako tiwafunse zimene aona kupatula madzi. Amene ali ndi agogo ochokera ku Mangochi, Machinga, Salima kapena Nkhotakota tiwatume akawafunse dzina la mudzi wawo, dzina la mfumu yawo ndi chaka chimene anafikira ku Blantyre, alembe m'kope, abweretse ku madrasa tidzawerengere pamodzi.